Mlandu Suwola, Nanga Munthu?

Mwambiwu ndinaumva koyamba ndili kamnyamata konyamulira agogo mpando popita kubwalo. Bwalo lakwathu linali pansi pa kachere, ndipo tsiku limenelo ankazenga mlandu wa ng'ombe zimene zinalowa m'munda wa eni n'kudya chimanga chongomasula kumene. Mwini munda analoza mwini khola loyandikana nalo. Mwini khola anakanitsitsa kwa mtuwagalu, nati usiku umenewo ng'ombe zake zinali zotsekeredwa. Munthu mmodzi yekha amene anaziona ndi maso, mnyamata wobwera kokaweza, anali atakwera kale galimoto ya Theba kupita ku Joni. Nduna zinanong'onezana, kenaka mfumu inawomba m'manja kamodzi n'kunena kuti: "Mlandu suwola. Pitani mukalime. Akadzabwera mwana uja tidzakhalanso pansi."

Ndipo onse anapitadi kukalima. Woimbidwa mlandu uja anagona m'nyumba mwake usiku umenewo. Asanabalalike anthu, amalume ake anangoimirira n'kunena kuti munthuyo ali m'manja mwawo, tsiku la bwalo adzabwera naye okha. Palibe chingwe chimene chinakhudza dzanja lake. Anapalira, anakolola, anaika maliro a mayi ake, mkazi wake anabereka. Patapita mvula ziwiri mboni ija inatulukira itanyamula sutikesi ndi wailesi, bwalo linakhalanso, ndipo mlanduwo unatha ndi mbuzi ziwiri.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati mwambiwu uli ndi nkhope ziwiri zokha. Kwa wolakwiridwa umati usataye mtima, ngakhale papite zaka udzamvedwa. Kwa wolakwa umati usaganize kuti dzuwa likalowa kambirimbiri ndiye kuti anthu aiwala. Ndakula tsopano, ndipo ndikuona nkhope yachitatu imene akuluakulu aja sankaitchula n'komwe chifukwa inali yodziwikiratu kwa aliyense: poti mlandu suwola, palibe chifukwa chosungira munthu mokhoma poudikira. Mlandu ungathe kudikira. Zimene sizidikira ndi nsomba yaiwisi, dzungu lothyoledwa, munda wa pa Disembala, ndi munthu.

Dziko lathu linaphunzira njira ina, ndipo aphunzitsi oyamba anali atsamunda. M'bandakucha wa pa 3 Malichi 1959, boma la Nyasaland linalengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo apolisi ndi asilikali anagogoda makomo a atsogoleri a chipani cha Congress anthu akadali m'tulo. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa popanda kuonekera kukhoti, ambiri mwa iwo ku Kanjedza, ku Limbe. Ku Nkhata Bay, anthu amene anakhamukira kudoko pofuna kuona abale awo okwezedwa m'sitima ya Mpasa anawomberedwa. Dr Hastings Kamuzu Banda anawatengera pandege kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, kumene anakhala mpaka pa 1 Epulo 1960, miyezi 13, wopanda woweruza aliyense kuwafunsa funso. Bungwe la Devlin, lotumidwa ndi boma la Britain lomwelo, litafufuza linanena poyera kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi.

Munthu akanayembekezera kuti amene analawa ndulu imeneyi adzaitaya kutali akadzatenga dziko. Sizinatero. Lamulo losungitsa chitetezo cha dziko limene atsamunda analemba mu 1960 linasungidwa bwinobwino, ndipo nduna za boma zitagawikana mu 1964 linanoledwanso. Kuyambira 1965 siginecha imodzi inali yokwanira kuti munthu atsekeredwe kwa nthawi yosatchulidwa. Panalibe mlandu wowerengedwa, panalibe loya, panalibe tsiku. Ku Dowa kunatsegulidwa ndende ya Dzaleka, dzina limene anthu amati linachokera ku mawu a munthu wolapa akuti "ndidzaleka". Ku Zomba, kuchigwa cholowera ku Chilwa, kunamangidwa ndende ya Mikuyu. Ndipo pakamwa pa akuluakulu a chipani panabwera mawu amene aliyense wa msinkhu wanga amawakumbukira: akuti oukira akawolera kundende. Mawuwo amanditsitsimula thupi mpaka lero, pakuti anatenga mwambi wa makolo n'kuuzondotsa. Mlandu ndiwo unasowa, chowola n'kukhala munthu.

Pa 25 Sepitembala 1987 apolisi anakatenga Jack Mapanje ku Gymkhana Club ku Zomba. Anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, mlakatuli amene buku lake, Of Chameleons and Gods, linali litachotsedwa kale m'masukulu ndi m'masitolo. Anakhala ku Mikuyu zaka 3, miyezi 7 ndi masiku 16, ndipo anatuluka mu Meyi 1991 asanauzidwe chimene analakwa. Sam Mpasu analowa komweko mu 1975, nkhani yake n'kukhalanso ya buku. Aleke Banda, amene kale ankaoneka ngati dzanja lamanja la Kamuzu, anamangidwa mu 1980 n'kukhala zaka 12 osazengedwa mlandu. Koma dzina limene limandilemera kwambiri ndi la Machipisa Munthali. Iye anaonekera kukhoti, anagamulidwa, chilango chake anagwira mpaka chinatha m'zaka za m'ma 1970. Tsiku lotuluka litakwana, chitseko sichinatsegulidwe. Analowa mu 1965, anatuluka mu 1992: zaka 27. Mwana wobadwa chaka chimene iye anamangidwa anali atakwatira n'kubereka ana ake pomwe bamboyo ankaponda kunja.

Awa ndi amene mayina awo analembedwa. Ambiri sanalembedwe paliponse: mphunzitsi amene anadandaula za khadi la chipani pamowa, kalaliki amene mnzake ankasirira mpando wake, mlimi amene anali ndi mbale wake ku Tanzania. Ndipo kumangidwa kwa mtundu umenewu kunkamanga mudzi wonse. Pabwalo la mfumu woimbidwa mlandu amabwera ndi abale ake, amakhala kumbuyo kwake, ena n'kumamuyankhira. Koma wotengedwa ndi a Special Branch ankasiya khomo limene anthu ankalilambalala ngati pali nthomba. Mkazi wake ankachotsedwa m'nyumba ya boma, ana ankalozedwa zala kusukulu, ndipo kufunsa kuti "kodi aja ali kuti?" kunali kudziputira tsoka. Kunkangoti zii. Tinaphunzira kulankhula monong'ona ngakhale m'nyumba mwathu momwe, ndipo ena a ife chizolowezi chimenecho sichinatichokebe.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani, ndi Focus Gwede, mkulu wa Special Branch, ndiwo ankaopedwa kwambiri pa nkhani yotsekera anthu m'zaka zoyambirira za m'ma 1970. Mu 1976 nawonso anagwidwa. Muwalo ananyongedwa mu 1977, Gwede n'kukakhala zaka zambiri m'makoma omwe ankatumizamo anzake. Sindikunena izi mokondwera. Ndikunena chifukwa zikuonetsa kuti chitseko chopanda lamulo sichidziwa amene anachipachika.

Chimene chimandipweteka mwapadera n'chakuti ngakhale dzina la bwalo la makolo linabedwa. Cha m'ma 1969 ndi 1970, anthu atakwiya ndi kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, makhoti otchedwa amakolo anapatsidwa mphamvu zozenga milandu ikuluikulu, yakupha, ndipo pambuyo pake ngakhalenso youkira boma. Mafumu anakhazikidwa pamipando yoweruza, koma loya sankaloledwa kulowa. Kumeneko n'kumene anatengera Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda wa dziko lino, mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party, amene anakhalapo nduna ya zachilungamo, pamodzi ndi mkazi wake Vera, mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya. Anagwidwa usiku wolowera Khirisimasi mu 1981 cha kumalire ndi Zambia. Iwo ankanenetsa kuti anabedwa ali m'dziko la Zambia. Anakanizidwa owaimira, anakanizidwa kuitana mboni zawo, ndipo mu 1983 anagamulidwa kuti aphedwe. Maiko akunja atachonderera, chilangocho chinasinthidwa mu 1984 kukhala chokhala kundende moyo wonse. Mwamuna ndi mkazi anakhala m'ndende imodzi ya Zomba zaka zisanu ndi zitatu osaonana, kufikira pamene maloya ochokera ku Britain anawayendera mu Sepitembala 1992. Orton anamwalira momwemo pa 20 Okutobala 1992. Vera sanaloledwe kukaika maliro a mwamuna wake, ndipo anatulutsidwa pa 24 Januwale 1993.

Limenelo silinali bwalo lamakolo. Pa bwalo limene ndinanyamulirako mpando, mfumu ikafuna kudumphira chigamulo nduna zinkaibweza: umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Ndiko kuti, usayambire pa mnyanga wothyoka, yamba wafunsa chimene chinagwetsa dzaye. Bwalo limene silimva mboni za woimbidwa mlandu langovala nyakula ndi mkanjo wa ufumu, koma mkati mwake mulibe ufumu.

Amene sakanatha kuwatsekera ankawapitikitsa. A Mboni za Yehova, amene analetsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani, anathawira m'zikwizikwi ku Sinda Misale ku Zambia mu 1972, ena ku Mozambique, ndipo atabwezedwa ambiri anakathera ku Dzaleka. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu, mbadwa ya ku Ireland, anauzidwa mu Epulo kuti alongedze achoke m'dziko muno. Mwezi womwewo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Kupitikitsa munthu ndi njira inanso yothawira bwalo: woimbidwa mlandu akakhala kutsidya la malire, palibenso amene angakufunse umboni.

N'chifukwa chake anthu amene analemba Malamulo Aakulu a 1994, pambuyo pa referendamu ya pa 14 Juni 1993, analemba gawo 42 ngati anthu amene zipsera zawo zinali zisanapole. Womangidwa auzidwe msanga chifukwa chake, m'chilankhulo chimene amamva. Aloledwe kuonana ndi loya. Afikitsidwe pamaso pa khoti pasanathe maola 48. Atulutsidwe, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Aonedwe wosalakwa kufikira khoti litampeza wolakwa. Ndikawerenga mawu amenewa ndimamva liwu la mfumu ija pansi pa kachere: pitani mukalime. Belo si chinthu chachilendo kwa ife ayi. Ndi unkhoswe womwe uja, amalume kuimirira n'kunena kuti munthuyu ali m'manja mwanga.

Ndinaimirirapo choncho inenso, ndipo ndipamene ndinadziwa kutalika kwa mtunda wochoka papepala kufika pachitseko cha chitokosi. Mwana wa mlongo wanga, wochita kabaza, anagwidwa Lachisanu madzulo pamodzi ndi anzake angapo, akuti wina amene anakwera njinga pasiteji yawo anaberedwa foni. Pakhoma la polisi panali chikwangwani cha zilembo zikuluzikulu chonena kuti belo ndi yaulere. Ndinaima pansi pa chikwangwanicho masiku anayi. Tsiku loyamba anati wofufuza mlanduwo wachokapo. Lachiwiri anati bwana wosaina kulibe. Lachitatu wina ananditengera pambali n'kundifunsa ngati ndabwera chimanjamanja. Anzake awiri amene abale awo sanabwere chimanjamanja anagona kwawo usiku womwewo. Ine ndinakana, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa ngati kukana kwangako sindinakulipire ndi thupi la mwana wa eni.

Anafika kukhoti patapita sabata. Belo ya kukhoti inafuna ndalama ndi anthu awiri omuimira okhala ndi ziphaso, ndipo pomwe tinkasonkhanitsa zimenezi iye anali atatumizidwa kale ku rimandi. Kuyambira pamenepo nkhani inali imodzimodzi: lero wodandaula sanabwere, lero doketi silikuoneka, lero galimoto yotengera akaidi ilibe mafuta, lero a majisitireti ali kumsonkhano. Pepala limodzi losowa linkadya milungu itatu ya moyo wa munthu. Ndikapita kukamuona ankagwira waya ndi zala zonse n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Amalume, tsiku langa ndi liti?" Ndinalibe yankho. Anandiuza kuti akaidi ogamulidwa amawachitira chisoni a pa rimandi, chifukwa wogamulidwa amawerenga masiku otsala, pomwe wa pa rimandi amangowerenga masiku otha.

Anandiuzanso za shamba, kugona chokhala pakati pa selo, mawondo pachifuwa, msana wa mnzako patsogolo pako, mpaka kuche; za nsima ya mgaiwa ndi nandolo kamodzi patsiku; za nyapala amene amagawa malo ogona molingana ndi zimene munthu wamupatsa. Atatha miyezi inayi mlandu unathetsedwa poti wodandaula sanaonekenso. Palibe amene anamupeza wolakwa, palibenso amene anamupepesa. Anatuluka ndi mphere thupi lonse ndi chifuwa chimene chinatitengera miyezi isanu ndi umodzi ya mankhwala. Mwini njinga anali ataipereka kwa wina. Munda wake chaka chimenecho munamera nsongole.

Sindikuti lero n'chimodzimodzi ndi nthawi ya Mikuyu. Kunena choncho kungakhale kunyoza amene anakhala m'maunyolo. Lero munthu angathe kudandaula pawailesi, loya angathe kuthamangira ku High Court, ndipo makhoti athu aonetsapo kulimba mtima. Mu 2009, pa mlandu wa Masangano, oweruza ananena kuti kuthinana ndi kusowa mpweya m'ndende zathu ndi nkhanza zosemphana ndi Malamulo Aakulu, ndipo analamula boma kuti lichepetse chiwerengero cha akaidi. Mu 2010 lamulo la kazengedwe ka milandu linaikidwa malire a nthawi yosungira munthu podikira mlandu: masiku 30 pa milandu ing'onoing'ono, masiku 90 pa ikuluikulu monga yakupha. Mu Januwale 2017 High Court inathetsa ndime imodzi ya lamulo la vakabu, limene kwa zaka zambiri linkalola kugwira munthu chifukwa chongopezeka pamalo m'nthawi imene wapolisi waikayikira. Amene anakasuma anali wogulitsa majumbo ku Limbe, wogwidwa m'mamawa akupita kumalonda ake. Kuyambira chaka cha 2000 aparaligo, othandiza anthu pa zamalamulo, akhala akulowa m'ndende kufunafuna anthu oiwalika, ndipo nthawi zina majisitireti amakakhalira khoti mkati mwa ndende momwemo. Zonsezi ndi zoona ndipo n'zoyamika.

Koma ndende zathu zikusungabe anthu pafupifupi kuwirikiza kawiri kuposa amene zinamangidwira, ndipo muli anthu oganiziridwa milandu yakupha amene adikira zaka, osati masiku 90. Kale munthu ankawola chifukwa wamkulu wina walamula. Lero amawola chifukwa palibe amene walamula kanthu. Amene amawola chotere ndi wosauka, wopanda amalume odziwa kulemba kalata, wopanda msuweni kuofesi. Wakuba mamiliyoni a boma amafika kukhoti ndi maloya atatu n'kukagona kwawo tsiku lomwelo, ndipo ndi ufulu wake kutero. Chimene ndikulira n'chakuti ufulu womwewo sufika kwa woganiziridwa kuba nkhuku. Kwa mwana amene bambo ake sakubwera kunyumba, kusiyana kwa nkhanza ndi mphwayi sikuoneka. Mphika uli gwaa chimodzimodzi.

Ndiye pali Dzaleka. Malo aja anasiya kukhala ndende ya andale, ndipo mu 1994 anasanduka msasa wa othawa kwawo ochokera ku Rwanda, Burundi ndi Congo. Anakonzedwera anthu 10,000 kapena kupitirirako pang'ono. Lero muli oposa 50,000. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anazungulira madera a mu Lilongwe n'kugwira mazanamazana a othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda m'tauni, amayi ndi ana omwe, ndipo ambiri anayamba agonekedwa kundende ya Maula asanawatengere ku Dzaleka. Boma linati likutsata lamulo lakuti othawa kwawo azikhala mumsasa. Lamulolo lilipodi. Koma kodi mwana woyamwa amene anagona ku Maula anaimbidwa mlandu wanji, ndipo anaonekera pamaso pa woweruza uti? Ambiri a ife tinawomba m'manja, tikuwerengera mashopu amene atsekedwe. Tinaiwala kuti abale athu omwe amasungidwa ku Lindela ku South Africa podikira kubwezedwa kuno, ndipo zikatero timalira kuti awachitira nkhanza. Tinaiwalanso kuti agogo athu anagonapo m'misasa ya eni ku Zambia ndi ku Mozambique. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero pamaliro ndi paukwati. Pachipata cha ndende timakhala ngati sitinaumvepo mwambiwo.

Nkhope ija yochenjeza wolakwa nayonso idakalipo, ndipo tsopano yayang'ana dziko. Malamulo a 1994 anakhazikitsa bwalo lapadera lopereka chipukutamisozi kwa ozunzidwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Linagwira ntchito zaka khumi n'kutsekedwa anthu zikwizikwi atangolandira kangachepe koyambira, ena osalandira kanthu. Mu 2017 ofesi ya Ombudsman inafufuza n'kupeza kuti ngongoleyo idakalipo. Eni ake akutha mmodzimmodzi, atagwirizira timapepala tofiira ndi ukalamba m'majumbo apulasitiki. Mlandu wawo sunawole. Ukudikira bwalo, monga unkadikirira wa ng'ombe zija, kungoti mboni zake sizinapite ku Joni kumene munthu amabwerako.

Mwana wa mlongo wanga anapezanso njinga ina ndipo ali pamsewu. Akamva kulira kwa galimoto ya polisi amatsika n'kuima chilili mpaka idutse, ngakhale atanyamula munthu. Tsiku lina tikudutsa pafupi ndi ndende ija anandipempha kuti tiime. Pachipata panali mzere wa amayi, aliyense ndi kontena ya nsima yokulunga m'chitenje, ena ana kumsana, akudikira kuti woyang'anira abwere adzalawitse chakudyacho asanachilowetse. Mayi wina wachikulire amene anali kumapeto kwa mzere anamuzindikira, pakuti mwana wake ankagona naye selo imodzi. Anamugwira dzanja nthawi yaitali osalankhula. Kenaka mnyamatayo anafunsa motsitsa mawu kuti, "Amayi, tsiku lake analitchula?" Mayiyo anapukusa mutu, nasuntha kontena ija kuichotsa padzuwa kuti ndiwo zingasase.